Nyemba Zophika Pakhomo ndi Soseji: Phunziro Lochokera mu Mphika wa ku Boston

Mlangizi wa zaumoyo akafunsa kusikelo kuti, "Amayi, kodi dzulo mwanayu anadya chiyani?", kaŵirikaŵiri yankho limabwera ndi manyazi: "Pepani, kunalibe ndiwo zenizeni, tinangodya nyemba." Mawu ameneŵa ndiwo atichititsa kuti mwezi uno tikatenge phunziro lathu kutali ndithu, ku dziko la United States of America. Kumeneko kuli chakudya china chimene anthu akhala akuchikonda kwa zaka zambiri: nyemba zophikidwa nthaŵi yaitali mumphika wovundikira, zodyera pamodzi ndi masoseji amene iwo amawatcha hot dog. Munthu wa kumeneko akatopa, akazizidwa, akapukwa kwawo kapena akakhala pa chisoni, chimenechi ndi chimodzi mwa zakudya zimene mtima wake umalakalaka. Tiyeni tivundukule mphikawo, tione chimene chikumanga thupi ndi chimene chikungokometsa m'kamwa.

Kumene chakudyachi chidachokera

Nyemba zimene timadzala m'minda mwathu kwawo n'ku America. Eni nthaka a kumeneko adayamba kuzilima zaka zikwi zingapo zapitazo, ku Mexico ndi ku mapiri a Andes, ndipo ambiri a iwo ankazidzala munda umodzi ndi chimanga ndi maungu. Mlimi wa kuno akamva zimenezi sangadabwe, pakuti ndi mmene amalimira nayenso. Mbewu za chimanga ndi nyemba zidafika mu Africa pa zombo za amalonda, chitapita chaka cha 1500.

Azungu ochokera ku England atakhazikika kumpoto chakummaŵa kwa America, m'dera limene adalitcha New England, adamanga mzinda wa Boston m'chaka cha 1630. Ambiri a iwo adali Akhristu a gulu lotchedwa Puritan, amene ankasunga tsiku la Mulungu molimba kwambiri, kotero kuti ngakhale kuphika ankakuona ngati ntchito yosayenera pa tsikulo. Tsono amayi ankatereka nyemba Loŵeruka m'maŵa mu uvuni wa njerwa, n'kuzisiya tsiku lonse zikupsa pang'onopang'ono. Banja linkadyako madzulo a Loŵeruka, ndipo zotsala linkadya Lamulungu popanda wina kusonkha moto. Mwambo wodya nyemba Loŵeruka madzulo udakhazikika m'dera lonselo, ndipo mzinda wa Boston udapatsidwa dzina lonyazitsira la Beantown, kutanthauza mzinda wa nyemba.

Chimene chimasiyanitsa nyemba za ku Boston ndi zathu ndi manyuchi. Mzindawo unkalandira manyuchi ambiri kuchokera ku zilumba za West Indies, kumene minda ya nzimbe inkalimidwa ndi akapolo ogwidwa mu Africa. Kutsekemera kwa chakudyachi kuli ndi mbiri yoŵaŵa. Manyuchi adali ochuluka m'mzindamo mwakuti pa 15 Januwale 1919 thanki yaikulu yosungiramo itaphulika, adasefukira m'misewu ndi kupha anthu 21. Amayi ankathira manyuchi mu nyemba pamodzi ndi anyezi, ufa wa njere za mpiru ndi kachibanthu ka nyama ya nkhumba yosungidwa mu mchere. Pambali pake ankaika buledi woderako wosakaniza ndi ufa wa chimanga, wokhala ngati m'bale wake wa chigumu chathu.

Soseji idadzaloŵa mumphikamo mochedwa. Idabwera ndi anthu ochokera ku Germany m'zaka za m'ma 1800, ndipo n'chifukwa chake imatchedwanso frankfurter, kuchokera ku mzinda wa Frankfurt. Dzina loti hot dog, limene m'Chicheŵa likumveka ngati galu wotentha, lidayamba monga nthabwala chabe. Musade nkhaŵa, mulibe galu. Ndi nyama ya ng'ombe, ya nkhumba kapena ya nkhuku yopera bwinobwino, yosakaniza ndi mafuta, mchere ndi zokometsera, yophikidwa kale kufakitale. Idatchuka chifukwa chotsika mtengo: m'chaka cha 1916 Nathan Handwerker ankaigulitsa mubanzi pa mtengo wa masenti 5 ku Coney Island, mumzinda wa New York. Ngakhale Pulezidenti Franklin Roosevelt, m'mwezi wa Juni 1939, adalandira Mfumu George VI ya ku Britain ndi ma hot dog kunyumba kwake ku Hyde Park. Koma m'makomo a anthu wamba ntchito ya soseji idali yaing'ono: kanyama kochepa kodulidwa tizidutswa, kuti mphika wa nyemba ukome ndi kukwanira banja lonse.

Mwini mphika ndani?

Tiyeni tiyeze ziŵirizi monga timayezera ana kusikelo. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi mapulotini, ndiwo zakudya zomanga thupi, okwana pafupifupi magalamu 15. Soseji imodzi ya hot dog, ya ng'ombe kapena ya nkhumba, yolemera magalamu 45 kapena 50, ili ndi mapulotini okwana magalamu 5 kapena 6 okha, pamene mafuta ake amaposa pamenepo kaŵiri. Nyemba zilinso ndi ayironi, wothandiza kupanga magazi, ndi vitamini wotchedwa foleti, amene mayi amamusoŵa kwambiri asanatenge pakati ndi pa miyezi yoyamba ya pakatipo. Zilinso ndi tizigawo tosagayika m'mimba, timene timafeŵetsa chimbudzi ndi kuchititsa kuti shuga aloŵe m'magazi pang'onopang'ono. Tizigawo timeneti mu soseji mulibiretu.

Palinso mfundo ina yokhudza ife odya nsima. Mapulotini a m'chimanga ndi opereŵera mbali ina, ndipo mbali yopereŵerayo m'nyemba ilimo yambiri. Nyemba nazo zimapereŵera mbali imene chimanga chili nayo. Zikakumana m'mbale imodzi zimakwaniritsana. Mayi uja amene adapepesa kusikelo adapepesa pachabe, pakuti nsima ya mgaiwa, nyemba ndi masamba pang'ono ndi chakudya chenicheni.

Chimene soseji ili nacho chochuluka ndi mchere. Imodzi yokha imakhala ndi mchere woposa galamu imodzi. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuŵerengera pamodzi ndi mchere umene uli kale m'zakudya zogula. Wodya masoseji aŵiri wadya kale pafupifupi theka la mlingo wa tsiku lonse asanakhudze ndiwo zina. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene amakhala m'thupi mwakachetechete mpaka tsiku limene munthu afa ziŵalo kapena mtima ufooka.

M'mwezi wa Okutobala 2015, nthambi ya bungwe lomwelo yofufuza za khansa, imene ili ku Lyon m'dziko la France, idalengeza kuti nyama zokonzedwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala osungira, monga masoseji ndi poloni, zimayambitsa khansa ya m'matumbo aakulu. Idapeza kuti kudya magalamu 50 a nyama zoterezi tsiku ndi tsiku kumakweza chiopsezo cha khansayo ndi magawo 18 pa 100 alionse. Mawu ameneŵa amafunika kuwamva bwino. Sakutanthauza kuti anthu 18 mwa 100 adzadwala, ndipo sakutanthauza kuti amene walaŵa soseji pa ukwati wa mphwake wadziputira imfa. Akunena za chizoloŵezi cha tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Soseji ikhale mlendo wobwera kamodzikamodzi n'kupita. Mwini mphika ndi nyemba.

M'masitolo mumapezekanso nyemba zam'zitini zophikidwa mwa njira yomweyi. Si zoipa, koma shuga ndi mchere wake adathira ndi wina, ndipo inu simungachotsemo. Mtengo wa chitini chimodzi mukhoza kugulira nyemba zouma zochuluka ndithu. Wophika yekha ndiye amagwira supuni ya mchere m'dzanja lake.

Kaphikidwe kake

Anthu a ku Boston amaphika nyemba zoyera zing'onozing'ono, zofanana ndi zimene kuno timazitcha kayera, koma nanyati kapena nyemba zofiira zimachitanso bwino. Makapu aŵiri a nyemba zouma amakwanira anthu asanu ndi mmodzi. Zisankheni, muchotse timiyala ndi zofumbwa, ndipo muzitsuke bwino, makamaka ngati zidathiridwa mankhwala oteteza ku anankafumbwe. Nyemba za mbewu zopakidwa mankhwala amtundu si zodya ayi, ngakhale mutazitsuka kangati.

Ziviikeni m'madzi ambiri usiku wonse, pamalo ozizira. Amayi ena amaona ngati kuviika n'kutaya nthaŵi, komatu nyemba zoviika zimapsa msanga ndipo zimapulumutsa nkhuni. M'maŵa tayani madzi oviikirawo, pakuti amachotsako zina mwa zimene zimadzaza mpweya m'mimba. Thirani madzi atsopano ndipo muziŵiritse pa moto waukulu, zibwate ndithu kwa mphindi zosachepera 10. Apa musachite chidule. Nyemba zaziŵisi, makamaka zofiira, zili ndi ululu wachilengedwe umene umatha ndi kubwata kokha. Nyemba zongofunditsidwa pa moto wofooka zikhoza kusanzitsa ndi kutsekula m'mimba patangopita maola ochepa. Zikabwata motero, chepetsani moto, zipse mpaka nyemba iphwanyike mukaifinya ndi zala ziŵiri.

Soda kapena chidulo musathire. N'zoona kuti zimafeŵetsa nyemba msanga, koma zimaononga ena mwa mavitamini ake. Nyemba zimene zikukana kupsa nthaŵi zambiri zimakhala zakale, zosungidwa pamalo otentha ndi achinyontho.

Tsopano ndi pamene njira ya ku Boston ikusiyana ndi yathu. Kazingani anyezi mmodzi wamkulu m'mafuta okwana supuni yaikulu imodzi, muthiremo matimati anayi odula, afike poti asungunuka. Sakanizani ndi nyemba zija, pamodzi ndi masupuni aakulu aŵiri a manyuchi, kapena supuni imodzi ya shuga ngati manyuchi palibe. Ophika a ku America amathira zotsekemera zochuluka kuposa apa, koma pamenepo tisawatsanzire. Odwala matenda a shuga asathire n'komwe, pakuti anyezi wokazinga bwino amatsekemera yekha. Mchere ukhale theka la kasupuni ka tiyi, ndipo ngati mudzaikamo soseji chepetsaninso, popeza iyo ibwera ndi wake. Onani kuti matimati ndi manyuchi aloŵa nyemba zitafeŵa kale. Zinthu ziŵirizi zimalimbitsa khungu la nyemba: zikaloŵa msanga nyemba zimachedwa kupsa, koma zikaloŵa pa nthaŵi yake zimathandiza kuti nyemba zisasanduke phala ngakhale zitakhala pamoto maola ambiri. Chinsinsi cha mphika wa ku Boston chagona pamenepa.

Thirani madzi otentha mpaka angomiza nyemba, ndipo muvundikire. Uvuni si wofunika. Mphika wadothi ndiwo wabwino koposa, ndipo ngakhale ku Boston mphika wa nyemba umakhala wadothi, wa kukamwa kwakung'ono. Ukhazikeni pa makala ochepa, ena muwaike pamwamba pa chivundikiro chachitsulo monga mumachitira pophika chigumu. Anthu odula mitengo m'nkhalango za ku Maine, m'dera lomwelo la New England, ankakumba dzenje, n'kusonkhamo moto, n'kukwiriramo mphika wovundikira bwino pa makalawo usiku wonse. M'maŵa ankafukula nyemba zakupsa. Eni ake amazisiya maola 6 kapena 8, koma kwa ife maola aŵiri kapena atatu akwanira. Muzisuzumiramo nthaŵi ndi nthaŵi, n'kuonjezera madzi otentha zikayamba kuuma. Musavundule kaŵirikaŵiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: msuzi udzakhuthala wokha n'kusanduka wofiirira.

Ngati pali soseji, atatu akwanira mphika wonsewo. Aduleni ndi kuwaika mu nyemba kwa theka la ola lomaliza, aŵire nawo limodzi. Ngati palibe, chakudyacho sichidapereŵere kanthu. Kanyama kochepa kotsala, kapena nsinjiro zodzaza dzanja limodzi, zimakometsa bwino lomwe, ndipo nsinjiro zili ndi ubwino wakuti mudalima nokha. Idyani ndi nsima, mpunga, mbatata kapena buledi, ndipo pambali pakhale masamba monga khwanya kapena nkhwani. Ayironi wa m'nyemba amaloŵa bwino m'thupi mukadyera pamodzi ndi matimati, gwafa, lalanje kapena malambe. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, choncho ndi bwino kumudikiritsa ola limodzi mutatha kudya.

Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono

Popeza soseji ya hot dog imaphikidwa kale kufakitale, ena amaidya yozizira. Ichi n'choopsa, makamaka kwa mayi woyembekezera. Pali kachirombo kotchedwa Listeria kamene kamatha kuloŵa m'nyama zotere zitaphikidwa kale, ndipo kamaswana ngakhale mufiriji. Munthu wamphamvu kakhoza kungomudwalitsa pang'ono, koma mwa mayi wapakati kamafika kwa mwana, ndipo pathupi pakhoza kuchoka kapena mwana kubadwa wakufa. Okalamba ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chofooka, monga ena amene ali ndi kachirombo ka HIV, alinso pangozi. M'zaka za 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 1,000 adadwala matendaŵa ndipo oposa 200 adamwalira, ambiri mwa iwo makanda; gwero lake lidapezeka kuti lidali poloni, ndipo maiko angapo a m'chigawo chino adaletsa nyama zoterezi kuloŵa kwa kanthaŵi. Kachiromboka kamafa ndi moto. Soseji iŵire kapena iwotchedwe mpaka itenthe ndi kutuluka nthunzi mpaka m'kati. Musagule soseji imene yakhala padzuŵa pamsika, yoterera kapena yafungo, ndipo ngati kunyumba kulibe firiji iphikeni tsiku lomwelo.

Ngozi ya ana ndi ina. Soseji ndi yobulungira, yofeŵa ndi yoterera, ndipo kukula kwake kukufanana ndi kholingo la mwana wamng'ono. Ikatsamwitsa imatseka njira ya mpweya ngati chitsekero cha botolo. M'chaka cha 2010 bungwe la madokotala a ana ku America lidachenjeza kuti hot dog ndi chakudya chimene chimapezeka kaŵirikaŵiri pa imfa za ana otsamwa. Kudula timagawo tozungulira ngati ndalama zachitsulo sikuthandiza konse. Kwa mwana wosakwana zaka 4, ing'ambeni m'litali kukhala zigawo zinayi, kenaka muidule tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo mwanayo adye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo. Kunena zoona, mwana wa msinkhu umenewu safunika soseji m'pang'ono pomwe, chifukwa cha mchere wake. Chimene amafunika ndi nyemba. Kuyambira pa miyezi 6, pamene akupitiriza kuyamwa, mukhoza kumupatulira nyemba zakupsa musanathire mchere ndi manyuchi, n'kuzichotsa makoko ndi kuzipota monga chipere, n'kusakaniza m'phala lake.

Chakudya chotonthoza mtima

Nanga n'chifukwa chiyani anthu a m'dziko lolemera chotero, okhoza kugula zakudya zamitundumitundu, amabwerera ku mphika wa nyemba pamene mtima wasweka? Si chifukwa cha mtengo wake. Fungo la chakudya limadzutsa chikumbumtima mwamphamvu, ndipo fungo la nyemba zimene zakhala pamoto tsiku lonse limakumbutsa munthu nyumba imene adakuliramo ndi amene ankamuphikira. M'midzi ina ya ku New England mipingo imakonzabe mgonero wa nyemba Loŵeruka madzulo, kumene anthu amakhala pa magome aatali n'kudyera pamodzi, wolemera ndi wosauka. Ifenso tikuzidziŵa zimenezi: pamaliro ambiri mphika waukulu umene umadyetsa khamu ndi wa nyemba.

Mfundo imeneyi ili ndi ntchito posamalira odwala. Munthu amene wangotuluka m'chipatala, wokalamba wokhala yekha, kapena namfedwa, kaŵirikaŵiri safuna kudya, ndipo thupi limatha mosaonekera. Achibale amavutika kufuna ndalama zogulira mabisiketi ndi zakumwa zam'mabotolo, poganiza kuti chogula ndicho cholemekeza wodwala. Koma chimene chimatsika bwino n'chakudya chimene iye adachizoloŵera, chotentha, chofeŵa, chopatsidwa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndiponso wina atakhala naye pamphasa. Amene sadazoloŵere nyemba, kapena amene m'mimba mwake simudakhazikike, ayambe ndi msuzi wake ndi nyemba zochepa zopota. Odwala impso ayambe afunsa kuchipatala za mlingo woyenera. Ndipo ngati munthu apitirira milungu iŵiri ali wokhumudwa, wosafuna kudya, wosagona ndi wosakondwa ndi kanthu kalikonse, mphika wokha sungamuchize. Mperekezeni kuchipatala akaonane ndi adokotala kapena anamwino.

Amayi a ku Boston ankasiya nyemba zawo mu uvuni wa njerwa umene unkasunga kutentha usiku wonse, m'dziko lozizira. Kuno kwathu n'kotentha, ndipo nyemba zophika zimasasa msanga, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Choncho phikani zokwanira kudya tsiku lomwelo. Zikatsala ndipo firiji palibe, tizidutswa ta soseji tisagonemo. Tidyedwe madzulo omwewo. Nyembazo muziŵiritsenso mpaka zibwate musanagone, muvundikire osaviikamonso chipande, ndipo m'maŵa muziŵiritsenso musanagaŵe. Zikachita thovu, zikamatuka kapena zikamveka fungo losasa, zitayeni. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi wodwala musawapatse ndiwo zogona. Iwo muwaphikire zatsopano.